Ubatizo wa Pansi pa Mlambe

"Dzina limenelo ayi! Bola mundikwirire kaye!"

Amene ankakuwa choncho ndi a Constance, ataima pakati pa bwalo la mlongo wawo ku Yofu, ambulera atalozetsa kwa khanda ngati aona njoka. Khandalo linali la miyezi inayi, ndipo linali m'manja mwa amake, Promise, mwana wamkazi wa pakhomopo. Amake a Promise, a Esnart, anali chogwada pathanthwe kuyanika chinangwa chovuula, koma makutu onse anali kubwalo.

"Azakhali, ndi dzina la agogo anga," anatero Promise, mawu ali pansipansi.

"Agogo akowo ndi amayi anga ine! Magdalena uja anakwatiwa pa guwa, belu likulira. Ndiye dzina lake ukalipachike pa mwana wotola kuseri kwa bwato?"

A Esnart anadzuka, manja ali mbuu. Anthu amati mayi amenewa ndi ofatsa, koma amene amatero sanawapondepo chala.

"Alamu, kuseri kwa bwatoko Promise anali yekha? Nanga Morgan wa ku Khuyu uja, mwini mimbayo, si uyu akuimba kwaya Lamulungu lililonse, mkanjo wosita bwinobwino? Iyeyo munakamulozapo ambulera?"

"Mwamuna ndi mwamuna."

"Eya, khandanso ndi khanda. Lalakwa chiyani?"

Nkhani yeniyeni inali ya ubatizo. Mwana wamkazi kuti abatizidwe pamafunika mboni zitatu zomuimira, amayi awiri ndi bambo mmodzi, onse odya mgonero. Abambo wansembe anali atanena kale kuti khanda lilibe mlandu, mboni zikapezeka abwere nalo. Koma a Constance ndiwo ankatsogolera amayi a mpingo ku Yofu konse, ndipo anali atayenda khomo ndi khomo kunena kuti woimira mwana ameneyu akuuza atsikana onse kuti chitani zomwezo. Nanga ndani angafune kudana ndi a Constance? Ukadwala ndi iwo amasonkhanitsa amayi odzakuzonda. Ukafa ndi iwo amayambitsa nyimbo. Mayi aliyense amene a Esnart anamupempha, mwendo unkangoyamba kumupweteka pomwepo.

Mwini khomo, a Mclean, anali pansi pa mtengo wa mango, injini ya boti ataimasula zidutswazidutswa pa saka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mukulimbirana chiyani anthu inu? Madzi? Nyanja yonseyi! Promise, pita ukamusambitse mwanayo, ndiye kuti wabatizidwa."

"Iwe Mclean, tseka pakamwa, wachikunja iwe!"

"Achemwali, ndakuuzani kangati? Kumwambaku kulibe munthu. Kuli mitambo, mukapitirira mitambo kuli mphepo, mukapitirira mphepo kulibe kanthu. Mwanayu akufuna phala ndi neti ya udzudzu, basi."

"Amayi akanakumva!"

"Sakundimva. Ndi zimene ndikunenazo."

A Constance anatsegula ambulera mwaukali ngakhale kunalibe mvula, n'kutuluka pa mpanda akulankhula okha. Promise analowa m'nyumba ndi mwana. A Esnart anapukuta manja m'chitenje, n'kukaima pamutu pa amuna awo mpaka chithunzithunzi chawo chinaphimba injini.

"Mwandibisira kuwala, mayi."

"Bambo a Promise, eni maboti onse a kuno amadzakugwadirani injini zikafa. Simungapemphe mmodzi kuti aimire mdzukulu wanu? Akazi awo angatsatire."

"Ndikapemphe anthu kuti akalonjeze pamaso pa chinthu chomwe kulibe? Ine ayi."

"Kulibe eti?"

"Kulibe."

"Nanga bwanji Lamulungu simugwira sipanala?"

"Msana umafuna kupuma."

"Msana wanu umawerenga kalendala? Nanga tikamadutsa pa tchalitchi ku Chipyela, chipewa mumavuliranji?"

"Mutu umayabwa."

"Pamalo amodzimodzi zaka makumi awiri? Nanga ndikamapempherera chakudya, bwanji dzanja lanu limaima m'malere mpaka nditi ameni?"

"Chimakhala chikutentha."

"Ngakhale mango?"

A Mclean anatola pulagi n'kuyamba kuipukuta ndi mphamvu ngati yawalakwira. Posakhalitsa anayamba kung'ung'udza kanyimbo, ndipo atazindikira kuti ndi ka pa Pasaka anakasandutsa chifuwa. Anthu ambiri anaiwala, koma bambo amenewa ali mnyamata ankanyamula kandulo kutsogolo kwa wansembe, mapemphero onse ali m'mutu. Anawataya liti, anawatayiranji, ngakhale a Esnart sankadziwa bwino. Ankangodziwa kuti anakwatiwa ndi munthu wouma mutu kuposa miyala ya pachilumbachi.

Sabata yotsatira kunali ubatizo wa ana. Amayi atatu a ku Yofu anadutsa pa mpanda m'mamawa, makanda atawaveka zoyera, abale akululutira m'mbuyo. Promise anali atasoka kale kadiresi koyera ndi manja ake. Anakapinda, n'kukaika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo tsiku limenelo sanatuluke m'nyumba. Pa mpope anali atasiya kale kupita nthawi ya anzake. Ankadikira dzuwa lifike paliwombo, pamene pamakhala agalu okha. A Esnart ankaona zonsezi, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola. A Mclean nawonso ankaona, koma ankangoti, "Asiyeni, adzatopa."

Sanatope. Amene anatopa ndi mwana.

Linali tsiku la sitima. Khanda linadzuka thupi lili moto, likukana bere. Njinga zamoto zonse zinali zitathamangira kudoko kukadikira katundu, ndiye panalibe kuchitira mwina koma miyendo. A Mclean anasiya injini ya a Augustine, mmodzi wa eni maboti aja, ili yasa, anakulunga mdzukulu wawo m'chitenje n'kumunyamula okha, ulendo wa kuchipatala ku Chipyela. A Esnart ndi Promise ankatsatira chothamanga. Panjira anapeza a Constance ndi amayi awiri, a Frances ndi mng'ono wawo, madengu a usipa pamutu, akupita kukagulitsa kusitima.

Atafika pa mlambe waukulu wa pakati pa njira, mwana anauma gwa. Maso anatembenuzika, timanja tinafumbata, kukamwa thovu. Promise anagwa pansi n'kuyamba kudzigubuduza m'fumbi.

A Esnart anagwira a Constance pa mkono mpaka dengu linagwa, usipa mbwee.

"Alamu, mubatizeni! Mumatiphunzitsa nokha kuti mwana akamafa aliyense atha kubatiza. Mawu mukuwadziwa. Mubatizeni!"

A Constance anatsegula pakamwa. Koma chotuluka chinali chimodzi: "Mayo ine, mayo ine, mayo ine."

Apo m'pamene a Mclean anagwada. Anagwada ndithu, maondo onse awiri, pa miyala. Anasolola m'thumba la ovolosi botolo la madzi akumwa limene ankayenda nalo, chitsekero anatsegula ndi mano. Anathira pamutu pa mwana kamodzi, kawiri, katatu, ndipo mawu anatuluka osapunthwa ngakhale pamodzi, m'chinyanja chakale chija cha m'buku la mapemphero:

"Magdalena, ndikubatiza iwe pa jina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera."

A Frances anayankha "Ameni" asanaganize n'komwe.

Kenako bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi anadzuka n'kuthamanga. Inu, anathamanga! Patapata imodzi inatsalira pa mlambe pomwepo, iwo osacheuka. Pamene amayi ankafika kuchipatala ku Chipyela, mwana anali atamuika kale diripi, agogo ake ali pakhonde, phazi likutuluka magazi.

Anali malungo. Masiku anayi mwana ali gone, tsiku lachisanu analira ndi mphamvu n'kugwira bere ngati akufuna kulizula.

Koma nkhani inali itafika kale kwa aliyense, mpaka kwa amalonda a ku Cobue obwera ndi nkhuni. A Mclean akamadutsa pagombe, asodzi ankavula zipewa monyodola.

"Abambo wansembe, mwadzuka bwanji? Injini yanga ikutsokomola, simungaiwaze timadzi?"

"Ndinkaziziritsa mutu wa mwana," ankayankha choncho, nkhope ili gwa. "Thupi likatentha umathira madzi. Funsani anesi."

"Anesi amathira katatu?"

Wansembe anakumana ndi a Esnart kuchipatala komweko, ndipo anawauza mosabisa. Ngati mwana anathiridwa madzi ndipo mawu ananenedwa onse, ndiye kuti ndi wobatizidwa kale, sabwereza. Chotsala ndi kubwera naye m'tchalitchi kuti mpingo umulandire. Koma pakumveka nkhani zosiyana. Ena akuti unali ubatizo, mwini wake akuti kunali kuziziritsa mutu, ndipo a Constance akuti madzi a munthu wokana Mulungu ndi madzi chabe. Choncho wothira madziyo abwere yekha Lamulungu, aime pamaso pa anthu, anene chimene anachita.

A Frances nawo anabwera kunyumba mozemba, kudzera kuseri kwa khola.

"Mayi a Promise, ine ndinayankha ameni ndi pakamwa pangapa. Ngati mwanayu ndi Mkhristu kale, ndikukana chiyani? Ndimuimira, ine ndi mng'ono wanga. A Augustine akuti nawonso aima, bola injini yawo ithe. Koma amuna anu akapitiriza zoti ankaziziritsa mutu, ife sitingadzipereke kwa a Constance pachabe."

Loweruka masana a Esnart anawapeza amuna awo pansi pa mango paja, phazi lomanga nsanza.

"Mawa mukupita."

"Kuti?"

"Musandifunse ngati mwana. Mukaima pamaso pa anthu, mukanena zimene munachita pa mlambe."

"Ndanena kale zimene ndinachita."

"Bodza limenelo mukauze asodzi. Ine ndinalipo. Munagwada, bambo a Promise. Ine chikudziwireni sindinakuoneni mutagwada, ngakhale tsiku lodzandifunsira."

"Mwana anali wolemera."

"Khanda la miyezi inayi?"

A Mclean anaponya sipanala pa saka.

"Esnart, tamvera. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza chilumba chonse kuti kulibe kanthu. Ndakangana ndi akatekisiti, ndakangana ndi aphunzitsi, ndinakanganapo ndi mlaliki wina m'sitima kuchokera ku Nkhata Bay mpaka kuno. Ndiye mawa ndikaime kutsogolo ngati mwana wa sande sukulu? Adzandiseka mpaka kumanda. Ndinachita mantha, basi. Munthu akachita mantha pakamwa pamatuluka zilizonse."

"Alamu anga anachitanso mantha. Pakamwa pawo panatuluka mayo ine."

Ndipo m'pamene Promise anatuluka m'nyumba, mwana ali kumsana. Mtsikana ameneyu chibadwire sanayankhepo bambo ake mawu awiri otsatizana. Anagwada patali pang'ono, monga mwa ulemu, koma maso sanagwetse pansi.

"Adada."

"Chiyani mama?"

"Ine andiseka chaka chathunthu. Kuyambira mimba isanaoneke bwino. Pa mpope, kumsika, m'tchalitchi momwemo. Ndinkati zikathera pa ine. Tsopano zayamba pa uyu, ndipo sanayambe n'kukwawa komwe." Anakonza mwana kumsana. "Inu mukuopa Lamulungu limodzi."

Anadzuka n'kubwerera m'nyumba. A Esnart anafuna kuwonjezerapo, poti mawu anali atadzaza m'kamwa, koma kamodzi kokha pa moyo wawo anadziwa kuti apa mpofunika kutseka pakamwa. Anapita kukaanula chinangwa.

M'mawa mwake anapeza amuna awo atavala kale jekete ya maliro, imene inkanunkha mankhwala a njenjete.

"Ndikukuperekezani chabe," anatero a Mclean. "Njira ija ili ndi miyala."

Tchalitchi chinadzaza ngati pa Khirisimasi. Anthu amene anali asanaponde m'menemo chaka chonse anabwera, ena mamba a nsomba ali m'manja. Morgan anali m'kwaya, maso ali m'buku ngati muli nkhani yatsopano. Itakwana nthawi, wansembe anaitana banjalo kumbuyo, kumene kuli mwala wobatizira, ndipo mpingo wonse unatembenuka. A Mclean anayenda chotsimphina. A Esnart ankaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo, ndipo ankaopa kuti bambo awa angathe kunena za kuziziritsa mutu pomwe pano.

"Bambo Mclean, mwanayu anathiridwa madzi ndi ndani?"

"Ndi ine."

"Kwezani mawu, akumbuyo amve."

"Ndati ndi ine!"

"Madzi ake anali otani?"

"A pa mpope. M'botolo."

"Munanena mawu otani?"

Anayang'ana denga, anayang'ana phazi lawo lomanga nsanza. Kenako ananena mawu aja onse, kuyambira dzina mpaka kumapeto, momveka kuposa mmene akatekisiti ena amanenera. Kumbuyo wina anaseka, mnzake anamugunda ndi chigongono.

A Constance anaimirira, yunifolomu yawo ili phuliphuli.

"Abambo, mufunseni ngati amakhulupirira! Ndi mlongo wanga uyu, ndimamudziwa. Mufunseni!"

"Mayi, funso limenelo mulibe m'buku," anatero wansembe. "Buku likufunsa madzi ndi mawu."

"Asiyeni, Abambo, ndiwayankha." A Mclean anatembenukira kwa mlongo wawo. Mawu awo sanali a mkangano monga a masiku onse. "Achemwali, ine sindikudziwa ngati kuli kanthu kumeneko. Ndimati kulibe, mwina mawa ndidzateronso. Koma tsiku lija mwanayu ankapita, ndinamuona ndi maso angawa. Ndiye ndinati, ngati kumene akupitako kuli khomo, asakamubweze ngati mmene tamubwezera kuno."

Woseka uja sanasekenso. A Constance anakhala pansi pang'onopang'ono.

Wansembe anafunsa mboni. A Frances anabwera, mng'ono wawo pambuyo, a Augustine akukonza kolala. Mwana analembedwa chizindikiro cha mtanda pamphumi, ndipo iye anayankha ndi kuyetsemula kumaso kwa wansembe. Promise ankalira mosabisa, koma kunali kulira kwina.

Potuluka, pakhomo, a Esnart anamva wina akuwakoka chitenje. Anali a Constance, maso ofiira.

"Mlamu," ananong'ona, "mawu aja anandithawa. Zaka makumi anayi ndikuphunzitsa anzanga, tsiku lofunika anandithawa."

A Esnart anali atakonza mayankho okwana dengu lonse, akuthwa okhaokha, kuyambira sabata zitatu zapitazo. Anawayang'ana alamu awo, n'kungoti, "Anapita kwa mlongo wanu. Sanatuluke m'banja."

A Constance anamina m'kansalu, kenako anasuzumira mwana.

"Nanga kachipewa aka mwamuveka bwanji? Khutu lili panja! Promise, bwera naye kuno, anthu inu simudziwa kuveka mwana."

Pobwerera ku Yofu a Esnart ndi a Mclean anatsalira m'mbuyo chifukwa cha phazi lija. Dzuwa linali litakwera, jekete ili pamapewa. Anayenda kanthawi, koma a Esnart si munthu wosunga funso mpaka kunyumba.

"Ndiye tinene kuti chiyani tsopano, bambo a Promise? Aliko kapena kulibe?"

"Kulibe."

"Mukadali pomwepo?"

"Pomwepo. Ndipo akanakhalako akanachita manyazi. Khanda losalakwa kuligwira chonchija? Ine pothamanga paja ndinamuuza mosapsatira. Ndinati, ukangomutenga mwana ameneyu, ine ndi iwe tionana."

A Esnart anaima pakati pa njira, manja m'chiuno.

"Munamuuza ndani?"

A Mclean anayamba kuyenda mofulumira, kutsimphina konse kutatha, moti a Esnart anachita kuwathamangira, akuseka mpaka misozi.